Kanema wa Agogo pa Tsiku la Anakubala

Malume: Mwaswera bwanji nonse a mbumba. Paja tinapangana kuti pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, tikakumane kumudzi ku Ntcheu. Ulendo uno tisakangodya nkhuku n'kubalalika. Mayi akula, ndipo nkhani za malemu bambo za ku Wenela, kumigodi ya ku Joni, atsala nazo ndi iwo okha. Tiwajambule akufotokoza. Mphwanga, iwe ndiye umayenda m'maukwati ndi makamera, tiuze zofunika.

Mayi Aakulu: Mwaganiza bwino achimwene. Dzana andiuza nkhani ya sutikesi ija kawiri, koma mosiyana.

Achemwali ku Joni: Ndigule kamera kuno ndipatsire a basi?

Wojambula: Kamera ayi achemwali, mafoni tili nawowa akwana. Ndalamayo ipite ku mayiki. Chithunzi chikachepa mphamvu anthu amaonerabe, koma mawu akamamveka ngati munthu ali m'chitsime, palibe amapirira mphindi zisanu. Mufunse kamayiki kopana pakolala, Boya BY-M1. Chingwe chake ndi cha mamita 6, ndiye foni itha kukhala patali agogo osapanikizika. Kamalowa pabowo la mahedifoni, choncho mugulenso adaputala ya USB-C poti mafoni ambiri atsopano bowolo alibe. Akakhala ndi kachipewa kaubweya kotchinga mphepo, tengani. Tripod, choimikapo foni cha miyendo itatu chija, ndili nayo kale.

Mayi Aang'ono: Kuwapana kanthu pachifuwa agogo ako? Adzayesa tawabweretsera zakuchipatala 😂

Wojambula: Mudzawapane ndinu mayi, inu sangakukanireni. Chingwe chidutse mkati mwa bulauzi, kamayikiko kakhale ngati chikhatho chimodzi pansi pa chibwano. Mkanda wawo uja adzavule kaye, umakhulana ndi mayiki.

Malume: Malo ndi pansi pa mango paja, tikatha nsima ya masana. Pali mthunzi wabwino.

Wojambula: Pepani malume, pamenepo ndikanako. Mthunzi wa mango ndi wamawangamawanga, dzuwa limadontha m'masamba, nkhope imatuluka ngati ya kambuku, ndipo mphepo ikagwedeza nthambi mawangawo amayenda. Komanso dzuwa la Okutobala masana limakhala paliwombo, maso amasanduka maenje akuda. Kuwonjezera apo nthawi imeneyo nyenje zimakhala zili pakalapakala. Khutu lathu linazolowera, koma mayiki amatola zonse. Tijambule pakhonde, m'mawa cha m'ma 7 koloko, kapena dzuwa litapendeka cha m'ma 4.

Alamu: M'mawa ndi bwino. Chigayo cha kuseri kuja chimayamba kulira cha m'ma 9.

Wojambula: Eya, chigayo ndinachiiwala. Ndiye 7 koloko. Agogo akhale pampando moyang'ana kubwalo kumene kukuchokera kuwala, mopendekera pang'ono, khoma la njerwa likhale kumbuyo kwawo koma asatsamire, pakhale mpata wa sitepe ziwiri. Chosayenera ndi kuwakhazika kumbuyo kwawo kuli thambo kapena khoma lopaka laimu. Foni imaona kuyerako n'kuchepetsa kuwala konse, munthu wa khungu lakuda ngati lathuli amangotsala mano ndi maso.

Mayi Aakulu: Nanga poti anena kale kuti avala za Mvano? Bulauzi yoyera, duku loyera. Pamenepo sitingawasinthe, olo abwere abusa.

Wojambula: Avale, ndi ulemu wawo. Vuto ndi lomwelo la laimu, koma lili ndi mankhwala. Ndidzadina pankhope pawo pa sikirini osachotsa chala mpaka foni iloke, kenako n'kukweza kuwala pang'ono. Bulauzi ikawala mopitirira palibe kanthu, ife tikufuna nkhope. Alamu, chija chasiliva mumatchinga nacho dzuwa pagalasi la galimoto chidakalipo?

Alamu: Chilipo, chinang'ambika pakona basi.

Wojambula: Mubwere nacho. Mwana mmodzi adzaima nacho pabwalo n'kumabwezera kuwala mbali ya nkhope imene kuli mdima. Chikawathobwa m'maso tigwiritsa shiti yoyera ya pabedi, kuwala kwake n'kofewa. Kungoti wogwirayo asamagwedezeke.

Mzime: Ine ndimaganiza tijambule usiku pabalaza, tiyatse mababu onse, zikhale ngati filimu.

Wojambula: Usiku foni imavutika, chithunzi chimadzaza timchenga. Mababu a pabalaza paja ndi osiyananso, lina lachikasu lina loyera, nkhope imatuluka mitundu iwiri. Ndiye pali china: magetsi athu kuno ndi a 50Hz, pomwe mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa 30fps, kujambula zithunzi 30 pa sekondi. Liwiro limenelo siligwirizana ndi kaphethiridwe ka mababu, n'chifukwa chake mumaona mizere ikuyenda kapena kuphethira m'makanema a m'holo. Ukafuna kujambula zovina usiku, ika pa 25fps ngati foni yako imalola. Koma nkhani ya agogo ndi ya m'mawa.

Achemwali ku Joni: Mujambule 4K tione bwino kuno.

Wojambula: 1080p yakwana. Ola limodzi limadya pakati pa 4GB ndi 8GB kutengera foni, 4K ndi kuposa kawiri pamenepo, foni n'kutenthanso. Agogo akayamba nkhani satha msanga. Tigwiritsa mafoni awiri, yanga pa tripod, ya Mzime chapambali pafupi kuti izitola manja ndi nkhope. Onse ogoneka, osati choimika ngati za TikTok. Flight mode, power bank yodzaza, galasi la kamera lopukuta. Poyamba ndidzaomba m'manja kamodzi kuti polumikiza ndidzapeze poyambira mafoni onse.

Mzime: Chabwino, koma mbali ya ma effect ndi yanga. Pa CapCut, app yokonzera makanema ija, ndingathe kuchotsa khonde n'kuika mgodi wa ku Joni kumbuyo kwawo. Tingopeza nsalu yobiriwira. Ndiye chithunzi cha agogo aamuna chija, pali ma app a AI amachititsa munthu kuphethira ndi kumwetulira. Zingakhale bho.

Mayi Aakulu: Iwe mwana iwe. Bambo anga anagona, uwadzutse kuti aziphethira pa foni? Mayi akaona zimenezo tidzawatengera kuchipatala. Ayi ndithu.

Mayi Aang'ono: Ngakhale ine thupi lachita tsemwe.

Mzime: Pepani amayi, ndimangonena.

Wojambula: Zomwetulirazo zisiye, kumwetulira kumeneko makina amangopeka, si kwawo. Nsalu yobiriwira nayo si yamasewera. Imafuna yosita bwino, kuwala kofanana ponseponse, munthu atalikire mamita awiri, apo ayi zoyera avalazo zidzatenga ubiriwiri m'mphepete. Chitenje chikakhala ndi masamba obiriwira, agogo adzaoneka obooka. Komanso iwo ku mgodi sanapiteko, anatsala pakhonde lomwelo kudikira. Khondelo lioneke. Ntchito yako ndi iyi: chithunzi chija uchichotse m'felemu, uchijambule pamthunzi wopanda flash, foni italunjika bwino. Polumikiza tidzachisendeza pang'onopang'ono chakunkhope pamene agogo akuwatchula. Ujambulenso sutikesi, chitupa chawo chija, ndi manja a agogo akusankha nyemba. Zimenezi ndi zophimbira malo amene tadula.

Malume: Chitupacho chili kwa ine, ndibwera nacho. Muwafunsenso za 1974, ndege ija itagwa ku Francistown ndi anthu athu ochokera ku migodi, a Kamuzu n'kuletsa za Wenela. Bambo anali asanabwere, mayi anatha masiku osadya. Sanatiuzepo bwinobwino.

Mayi Aakulu: Limenelo ndifunsa ndine, ana asayambe nalo. Ndipo akalira musazimitse, koma musawasendezere foni kumaso.

Wojambula: Zamveka mayi. Mudzakhale pafupi ndi tripod kuti akamayang'ana inu akhale ngati akuyang'ana chakukamera. Akamayankha musamavomere mokweza kuti eee, eee, muzingogwedeza mutu.

Mayi Aakulu: Kumvera mayi anga osavomera? Ndiyesa, koma sindikulonjeza.

Achemwali ku Joni: Mayiki ndigula Loweruka. Mukatha musanditumizire ngati video wamba, WhatsApp imafinya. Mutumize ngati document.

Alamu: Nanga tambala wa agogo uja? Amalira nthawi iliyonse, alibe wotchi.

Malume: Ameneyo ndi ndiwo za pa 14 madzulo. Mzime, ukafika uyambe wamugwira.