Kompyuta ya pa reprografia ikumazima masana okhaokha, ndaifomata kawiri

Wa ku Moatize:
Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi vuto limene landizunguza mutu, ino ndi sabata yachitatu. Pali mayi wina kuno ku Moatize ali ndi reprografia pafupi ndi msika. Amapanga fotokope, kusindikiza zithunzi za ziphaso ndi kulembera anthu makalata ofunsira ntchito. Kompyuta yawo ndi ya pa desiki, ili ndi Windows 10, ma RAM awiri a 4 GB ndi hadi disiki yakale ija yozungulira. M'mawa wonse imagwira bwinobwino. Ikangokwana 1 koloko kapena 2 koloko masana, mavuto ayamba. Pena imaonetsa sikirini ya buluu, pena imangozima mwadzidzidzi n'kuyakanso yokha ngati wina wadina batani.

Ndaifomata kawiri (kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano), koma palibe chasintha. Mayiwa anandilipira kale, ndipo dzulo anandiimbira foni ana a sukulu ali ndandanda pakhomo kudikira mapepala awo. Zikundipweteka mumtima chifukwa amandikhulupirira, ndipo banja lawo limadya za pa shopu yomweyo. Ndiyambire pati?

Mestre wa ku Ulónguè:
Mphwanga, kufomata usiye kaye. Ukafomata umafufuta umboni umene kompyutayo yakusungira, ndiye umabwerera pomwe unayambira uli chimanjamanja. Sikirini ya buluuyo imalemba chiyani m'munsi mwake? Ngati sunaione, lowa mu C:\Windows\Minidump, mafayilo osunga za sikirini ya buluu a kuchokera tsiku limene unafomata komaliza akhala alimo. Atsegule ndi pulogalamu ya BlueScreenView, kapena ndi ya WinDbg ulembe !analyze -v. Utiuze dzina la vuto ndi fayilo imene ikutchulidwa, tsiku lililonse palokha.

Wa mu mzinda wa Tete:
Achimwene, ine ndikuti ndi kutentha basi. Mwezi wa Okutobala uno kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo inu ku Moatize muli ndi fumbi la malasha pamwamba pake. Sabata yatha ndinatsegula ina, fumbi litachita kuumbika ngati bulangete pakati pa fani ndi zitsulo zoziziritsira purosesa. Ipemerereni, muike pasta yatsopano (phala lopaka pa purosesa lothandiza kuchotsa kutentha), nkhani yatha.

Chemwali wa ku Zóbuè:
Kutentha kungakhalepo, sindikutsutsa, koma ine ndaona china m'mawu anu achimwene a ku Moatize. Mwatchula zinthu ziwiri, ndipo mukuzitenga ngati matenda amodzi. Sikirini ya buluu ndiye kuti Windows yaona vuto, yaima dala, ndipo yapeza mpata wolemba chimene chachitika. Kuzima kopanda chenjezo ndiye kuti siinapeze n'komwe mpata umenewo. Tsegulani Event Viewer, kaundula wa zochitika wa Windows, pa System, mufune Kernel-Power nambala 41. Imeneyi imalembedwa nthawi iliyonse kompyuta ikayaka isanazimitsidwe mwadongosolo, choncho payokha siinena zambiri. Koma mukalowa pa Details mupeza mzere wa BugcheckCode. Pamene pali nambala, panali sikirini ya buluu. Pamene pali 0, kawirikawiri magetsi anangoduka kapena makina anauma osalemba kanthu. Muwerenge kuti za 0 zilipo zingati, za nambala zingati, ndipo mulembe nthawi yake.

Wa ku Moatize:
Zikomo nonse. Ndapitako lero ndipo ndakhala pa shopupo kuyambira 11 koloko.

Mafayilo a mu Minidump alipo anayi, onse akunena chimodzimodzi: DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, 0xD1, ndipo fayilo yotchulidwa ndi ya diraiva (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) ya ka WiFi kobaya pa USB kamene mayiwa amalumikizira intaneti ya pa foni yawo. Mu Event Viewer ndapeza ma 41 okwana 11. Anayi ali ndi BugcheckCode 209, asanu ndi awiri ali ndi 0. Achemwali munanena zoona, ndi matenda awiri.

Za kutentha ndayang'ananso. Pulogalamu ya HWMonitor imaonetsa purosesa ili pa madigiri 78 masana. Ndapemerera fumbi, linali lakuda bii, ndasinthanso pasta, yatsika kufika 63. Koma cha m'ma 2 koloko yazimanso ndili pompo.

Mestre wa ku Ulónguè:
209 imeneyo ndi 0xD1 yomweyo, yangolembedwa m'manambala athu a masiku onse. Ndiye anayiwo ndi a WiFi, palibe chobisika. Tsopano ndikufunse, ukamaliza kufomata, madiraiva umawatenga kuti?

Wa ku Moatize:
Ndili ndi fulashi imene ndinakopera kwa mnzanga zaka zapitazo, ili ndi pulogalamu ija yoika madiraiva onse nthawi imodzi. Ndimagwiritsa ntchito imeneyo chifukwa ma mega amadula.

Mestre wa ku Ulónguè:
Ndi chifukwa chake kufomata sikunathandize. Umachotsa vutolo m'mawa, madzulo n'kulibwezeramo ndi manja ako. Mafulashi amenewo tonse tinawagwiritsapo ntchito, ndipo ndikumvetsa za ma mega, koma pulogalamu yotero imangoyerekeza. Ikaona chipangizo chofanana pang'ono imaika diraiva ya Windows 7 kapena ya mtundu wina wa chipu, ndipo imagwira ndithu mpaka tsiku limene katundu wachuluka. Masana anthu amatumiza zithunzi ndi mapepala ambiri pa WhatsApp kuti asindikizidwe, ka WiFi kali kalikiliki, diraiva yolakwikayo imakhudza malo a memory amene siiyenera kukhudza, Windows n'kuima.

Chita chonchi. Mu Device Manager uchotse chipangizocho, ndipo uchonge kabokosi kofufutiratu diraiva yake. Usanachotse, lowa pa Details, usankhe Hardware Ids, ukopere manambala a VID ndi PID. Manambala amenewo ndi amene amakuuza chipu chenicheni chimene chili mkati, osati dzina lolembedwa pa pulasitiki. Ukatero ukatenge diraiva yake kwa amene anapanga chipucho. Ndi kafayilo kakang'ono, sikangakuthere ma mega.

Koma usakhudze china chilichonse tsiku limenelo. Ukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ikachira sudziwa chimene chaichiritsa, ndipo ikadzadwalanso udzayambiranso pachiyambi.

Wa mu mzinda wa Tete:
Chabwino, 78 siingazimitse makina, purosesa zambiri zimayamba zachepetsa liwiro zikamayandikira 100. Pamenepo ndavomera. Koma RAM musaisiye. Muyendetse pulogalamu yoyeza RAM ya MemTest86 maulendo anayi onse, ndipo muyese masana kukutentha, osati usiku. Ndinapusitsidwapo ndi RAM imene inkapambana mayeso usiku wonse koma masana n'kumalakwitsa.

Wa ku Moatize:
Papita masiku atatu, nazi zimene zachitika. Chiikireni diraiva yoyenera, sikirini ya buluu sinabwerenso. MemTest86 ndinaiyendetsa Lamlungu masana shopu ili yotseka, maulendo anayi, palibe cholakwika ngakhale chimodzi, ndipo kompyuta sinazime tsiku lonse. Lolemba yazima kawiri. Lachiwiri katatu. Zonse BugcheckCode 0.

Chemwali wa ku Zóbuè:
Imani pomwepo achimwene. Lamlungu kunatentha ngati masiku ena onse, makina anagwira ntchito maola ambiri, osazima. Ndiye funso ndi lakuti, n'chiyani chimayaka Lolemba chimene Lamlungu chinali chozima? Makina a fotokope abayidwa pati? Ndipo muwafunse mayiwo, iwo ndi amene amakhala pamenepo tsiku lonse. Ife timafika ndi zida zathu n'kuiwala kufunsa mwini wake chimene amaona.

Wa ku Moatize:
Achemwali, ndawafunsa, ndipo yankho lawo landitsegula maso. Akuti, "Mwana wanga, ikafuna kuzima ndimadziwa, babu lija limayamba laphethira, makina a fotokope akangoti ayambe kulira." Akuti sanandiuze chifukwa ankaona ngati si nkhani ya kompyuta.

Ndasuzumira kuseri kwa tebulo. Soketi ya pakhoma ndi imodzi yokha. Pamenepo pachoka ekisitenshoni yopyapyala ya mabowo asanu, ndipo pabayidwa kompyuta, monita, makina a fotokope, makina omatira mapepala m'pulasitiki ndi fani. Chingwe chake ndachigwira, n'chofunda, ndipo bowo limodzi pulasitiki yake yachita chikasu ndi kupsa. Masana ana a sukulu a m'mawa akaweruka ndi pamene fotokope imagwira ntchito mosalekeza.

Mestre wa ku Ulónguè:
Eya, wafika pa gwero. Makina a fotokope ali ndi chotenthetsera chimene chimamatitsa tona (inki ya ufa) pa pepala, ndipo chikamayaka ambiri amakoka mawati 1000 kapena kuposa. Pa chingwe chopyapyala, mphamvu ya mavoti 220 ija imagwa kwa kamphindi, n'chifukwa chake babu likuphethira.

Komabe usathamangire kunena kuti ekisitenshoni yokha ndiyo yolakwa. Fonte, kabokosi kopereka magetsi mkati mwa kompyuta, ikakhala yabwinobwino imayenera kupirira kuphethira kotero. Muyezo wa ATX, umene opanga mafonte amatsatira, umafuna kuti magetsi akaduka, fonte ipitirize kupereka mphamvu kwa mamilisekondi pafupifupi 16, ndipo ntchito imeneyo imagwiridwa ndi makapasita a mkati mwake, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi. Kutentha kumaumitsa makapasita. Kuno ku Angónia kumazizira, fonte imatha zaka zambiri ili bwino, koma kwanu kumunsi kuja, m'kachipinda ka malata, fumbi litatseka fani, imakalamba msanga. Ndiye mnzathu wa mu mzinda sanalakwe kwenikweni, kutentha kuli m'nkhaniyi, kungoti kwalowera khomo lina.

Tenga multimeter, chida choyezera mavoti. Pa pulagi ya Molex, ya mawaya anayi yochokera ku fonte, waya wachikasu ndi 12 V, wofiira ndi 5 V, wakuda ndiye wa pansi. Malire ake ndi 5 peresenti, kutanthauza kuti 12 isatsike kupitirira 11.4, ndipo 5 isatsike kupitirira 4.75. Uyeze kompyuta ikugwira ntchito yolemera, fotokope ikulira. Manambala a mavoti a mu HWMonitor usawadalire kwambiri. Ngakhale multimeter imachedwa kuona kugwa kwa kamphindi, choncho ngati uli ndi fonte ina imene ukuidziwa kuti ili bwino, kuibayapo ndiye mayeso oposa onse.

Chemwali wa ku Zóbuè:
Ndiwonjezere chimodzi. Mayiwo akadzagula UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, fotokope isadzabayidwe pa mabowo a batire. Ndaona ma UPS angapo atafa chifukwa cha zimenezi. Pa batire pakhale kompyuta ndi monita basi. Ndipo hadi disiki imene yazimidwa mwadzidzidzi kambirimbiri chonchi muione ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo, mafayilo a makasitomala muwakopere pena lero lomwe.

Wa ku Moatize:
Ndayeza. Kompyuta ili chete, wachikasu akuonetsa 11.7. Nditatsegula zithunzi zambiri n'kuyatsa fotokope, watsika kufika 11.2, ndipo ulendo wachiwiri makina azima ndikuyang'ana. Ndawalitsa tochi pa mabowo a fonte, kapasita imodzi yatupa pamwamba ngati chitumbuwa, ndipo yatulutsa zinthu zofiirira.

Ndabwereka fonte pa kompyuta yanga ya kunyumba n'kuikapo, ekisitenshoni ndaisiya momwemo dala monga munandiphunzitsira Mestre, kuti ndisinthe chimodzi chokha. Masiku awiri, babu likuphethirabe koma kompyuta sinazime. Dzulo ndiye tinaitana wa magetsi, wakoka chingwe china chokhuthala kuchokera pa bokosi, fotokope ili ndi soketi yakeyake tsopano. Disiki ikuonetsa chenjezo lachikasu pa Reallocated Sectors (malo a disiki amene aonongeka), mafayilo ndakopera kale, ndipo ndawauza mayiwa kuti mwezi ukatha tiike SSD, disiki yosazungulira. Ndalama ya kufomata kwachiwiri ndawabwezera, aionjezere pogula fonte yatsopano.

Fonte yakaleyi ndikuganiza zoitsegula ndisinthe makapasita, ndikhale nayo yoyesera.

Mestre wa ku Ulónguè:
Wachita bwino kubweza ndalamayo mphwanga. Za kutsegula fonte, samala kwambiri. Kapasita yaikulu ya mbali yolowera magetsi imasunga mavoti opitirira 300, ndipo ikhoza kukhala nawo ngakhale utazula pulagi. Ngati sunachitepo, usayambe wekha. Ndikutsikira ku Tete Lachisanu kukagula katundu, ndidzaima pa Moatize cha m'ma 10 koloko. Udzabwere nayo pamodzi ndi multimeter yako, tidzaitsegule limodzi ndikuonetse mmene timaichotsera mphamvu tisanaigwire.