Kodi Y2K ija inali yeniyeni kapena anthu anangodyerapo ndalama?

Chiko_Ndirande: Akuluakulu ndithandizeniko. Dzulo malume amandiuza kuti mu December 1999 anakatapa ndalama zawo zonse ku banki nkukazibisa mchitini cha mkaka pansi pa bedi, ati makompyuta apenga chaka cha 2000 chikangolowa, vuto lomwe ankalitcha Y2K. Ine ndinali ndisanabadwe. Vuto lake linali chani kwenikweni, nanga abizinesi ndi ogula masheya ankaopa chani? Poti ndege sinagwe ngakhale imodzi.

Gogo_COBOL: Mwana wanga vuto linalipo ndithu. Kale memory inali yodula kwambiri ndiye olemba mapulogalamu ankasunga chaka ndi manambala awiri okha, 75, 88, 99 basi. Tsono 99 ikatha pakubwera 00, makina nkumayesa ndi 1900. Tangoganiza munthu anatenga ngongole mu 97, kompyuta ikuwerengera chiwongoladzanja nkupeza kuti ngongoleyo itengedwa zaka 97 kutsogoloko, kkkk. Penshoni, inshuwalansi, malipiro a antchito, katundu wa mu sitolo wooneka ngati anatha nthawi kalekale, zonse zimadalira deti. Panalinso ka 29 February, poti 1900 sinali leap year koma 2000 inali. Ine ndinali mu IT pa banki ina mu Blantyre muno, usiku wa pa 31 anzathu ali ku overnight kutchalitchi ife tinagona mu ofesi ndi fulasiki ya tiyi, mabalansi a makasitomala onse titawasindikiza pa dot matrix, mulu wa mapepala kufika mchiuno. 12 koloko itakwana bwana wathu anangoti chete kuyang'ana sikirini thukuta lili kamukamu. Palibe chinavuta chifukwa tinali titakonza kwa miyezi yambiri.

Kamwana_ka_Zomba: Pepani agogo koma ine sindigwirizana nazo zonse. America yokha inawononga pafupifupi madola 100 biliyoni, pomwe Italy ndi South Korea sanaikepo ndalama zambiri koma kunacha bwinobwino. Ma consultant anadya apa, tisanamizane.

MaiPhiri_Joburg: Nonse mukunena zoona pang'ono. Kumbali ya masheya ndi komwe kuli nkhani yokoma. Mu 1998 SEC, bungwe loyang'anira msika wa masheya ku America, inalamula makampani a pa msikawo kuti aziulula akonzeka bwanji ndipo awononga zingati, chifukwa ngakhale kwanu kuli bwino supplier wanu akagwa inunso mwagwa. Federal Reserve, banki yaikulu ya America, inasindikizitsa ndalama zapadera kuopa anthu ngati malume anuwo, poti aliyense akathamangira kukatapa tsiku limodzi banki imagwa ngakhale kompyuta ilibe vuto. Koma ambiri amene analira ndi amene anathamangira masheya a timakampani tolonjeza mankhwala a Y2K, monga Zitel, mtengo unakwera mopenga cha mu 1996 kenako nkugwa chagada 2000 yo isanafike nkomwe. Chinanso makampani anagula makompyuta atsopano mu 98 ndi 99 onse nthawi imodzi, ogulitsa nkuoneka ngati akulemera mpaka kalekale, anthu nkumagula masheya awo, pofika 2000 aliyense ali nazo kale zatsopano oda nkuuma. Nasdaq, msika wa masheya wa ku America wodzaza makampani a zamakompyuta, inafika pamwamba pa 10 March 2000, kupitirira mapointi 5,000, kenako inatsika zaka ziwiri ndi theka. Sikuti Y2K yokha ndi imene inachititsa, chimisala cha dot-com, chothamangira masheya a makampani a pa intaneti, ndiye chinali chachikulu, koma inathirapo mchere. Amene anapindula mokhalitsa ndi makampani a zamakompyuta aku India, Infosys, Wipro, TCS, analowa mmaofesi a ku America kukakonza madeti osatulukamonso.

Gogo_COBOL: A Zomba, kudya anadyadi ena, sinditsutsa. Koma kumapeto kwa December 1999 ku Britain makina ambiri a makadi mmasitolo anakana kugwira. Ndipo ena sanakonze kwenikweni, anangouza makina kuti 00 mpaka 19 ndi za 2000, ndiye mu January 2020 makina nkumayesa ndi 1920, zina zinayambanso kuvuta, ku New York ma parking meter anakana makadi. Pa 19 January 2038 kuli ina ya madeti pa makina a mtundu wakale wotchedwa 32-bit, imeneyo mukonza nokha ine ndidzakhala ndikulima mbatata kumudzi.

Chiko_Ndirande: Zikomo nonse. Ndawafunsa malume za chitini chija, akuti ndalama sizinabwererenso ku banki, zinathera pa Khrisimasi ndi fizi ya January.