Chinthu chikalowa m'kaundula wa UNESCO, mwini wake amakhala ndani?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Malo akale akalowa m'kaundula wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, amakhalabe a dziko lomwe ali kapena asanduka a aliyense? Nanga amalowamo bwanji?

Wosunga zakale:
Amakhalabe a eni dziko, achimwene. Pangano la 1972 lomwe linakhazikitsa kaundulayu sililanda umwini, limangowonjezera udindo. Komanso musasakanize zinthu ziwiri: kaundula wa UNESCO ndi zinthu zotchedwa chuma cha dziko. Chuma cha dziko chimasankhidwa ndi lamulo la dzikolo, UNESCO sikhudzidwa. Ku Japan kuli lamulo la 1950: chinthu chikatchedwa chuma cha dziko, ngakhale chili m'manja mwa munthu wamba, sangachitulutse kunja kapena kuchisintha popanda chilolezo cha boma.

Ku UNESCO amapempha ndi boma lokha. Malowo amayamba akhala pa mndandanda woyembekezera kwa chaka chathunthu. Kenako boma limatumiza chikalata pofika 1 February, muli mapu osonyeza malire, dongosolo la kasamalidwe ndi umboni woti akukwaniritsa chimodzi mwa zoyenereza 10. Mabungwe awiri a akatswiri amakayendera malowo, a ICOMOS za chikhalidwe, a IUCN za chilengedwe, ndipo komiti ya mayiko 21 ndiyo imagamula. Ambiri amagwa pa malire osamveka bwino kapena dongosolo longolemba papepala, opanda antchito ndi ndalama.

Wa zamalamulo:
Ndiwonjezere kuti malo akhoza kuchotsedwa m'kaundulamu. Malo a ku Oman anachotsedwa mu 2007 dzikolo litachepetsa malo otetezedwa a nyama za oryx ndi 90 peresenti. Dresden ya ku Germany inachotsedwa mu 2009 chifukwa cha mlatho pa mtsinje wa Elbe, Liverpool ya ku England mu 2021 chifukwa cha nyumba zatsopano m'mbali mwa doko. Ena amaganiza kuti kaundulayu amabwera ndi ndalama. Ayi ndithu, thumba lake ndi laling'ono, kusamalira kumatsalira boma.

Mphunzitsi wa mbiri:
Mayiko awiri akhoza kulembetsa limodzi, monga Zambia ndi Zimbabwe anachitira ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) mu 1989. Povuta ndi pa zinthu zolandidwa kale. Pangano la 1970 loletsa malonda a zinthu zakale zobedwa silibwerera m'mbuyo, choncho zosula zamkuwa zomwe asilikali a Britain anatenga ku Benin City, mzinda wa ku Nigeria, mu 1897 silizikhudza. Germany inavomera mu 2022 kubweza ku Nigeria zosula zomwe inali nazo atakambirana maboma awiriwo, osati kukhoti.