Ndigule gitala yakale ya Harmony, kapena khosi lake lidzandivutitsa?

Akuluakulu odziwa za magitala, ndithandizeni maganizo. Pali munthu akugulitsa archtop ya Harmony, yopangidwa ku Chicago m'zaka za m'ma 1950, ya thabwa lotukuka pamwamba ndi mabowo awiri ooneka ngati f. Imalira mokoma zedi, ndipo mtima wanga wagwa kale pa iyo.

Chondidetsa nkhawa ndi khosi. Nsambo zatalikirana kwambiri ndi mafreti (tizitsulo topingasa pakhosi), makamaka kuyambira pa freti 12, chonsecho bridge (kathabwa kamene nsambo zimakhalapo pathupi la gitala) anaitsitsa kale mpaka pothera. Ilibenso truss rod (chitsulo cha m'kati mwa khosi choliwongolera) yoti n'kumangitsa, muli chitsulo chongolimbitsa basi. Kodi kupala bridge kunsi kungathandize, kapena palibe kuchitira mwina koma kuchotsa khosi n'kulimatanso? Amene munachititsapo ntchito imeneyi, gitala inakhalitsa ili bwino?

China, ndikufuna kuikapo pickup (kachipangizo kotola mawu a nsambo n'kuwatumiza ku zokuzira mawu), koma thabwa lapamwambalo sindikufuna kuliboola chifukwa ndi limene limatulutsa mawu. Ndikuganiza za yoyandama, yosafuna kuboola thabwalo, ngati DeArmond Rhythm Chief. Pamafunika mpata wotani pakati pa nsambo ndi thabwa kuti ikwane? Nanga nsambo za flatwound (zosalala kunja) za geji 12 (muyezo wa kunenepa kwake) sizingalipinde khosi lakale chonchi?