Ophunzira anga amakhoza Chingerezi pa pepala, koma pakamwa zii. Ndichite bwanji?

Moni nonse a m'gulu muno. Aadmin chonde musafufute, ndikufuna nzeru kwa aphunzitsi anzanga.

Ndatha miyezi isanu ndikuphunzitsa Chingerezi kalasi ya akuluakulu, madzulo, kawiri pa sabata, ola ndi theka tsiku lililonse. Ophunzira alipo 18, ena ndi amsinkhu wa makolo anga. Za uphunzitsi sindinaphunzire, anangondipempha poti chilankhulocho ndimachidziwa. Anthuwa zolemba amakhoza ndithu. Amadziwa kuti "go" amasanduka "went", ndipo ziganizo zodzaza mawu osowa savutika nazo. Koma ndikangofunsa kuti "What did you do yesterday?" kalasi yonse zii, aliyense maso pa kope. Bambo wina anandiuza mosabisa kuti amaopa kusekedwa. Dzulo ndinalankhula ndekha pafupifupi ola lathunthu mpaka mawu kusasa.

Ndili ndi bolodi, choko, buku limodzi la galamala ndi foni yanga basi. Kodi galamalayi ndiisiye kaye? Nanga kufotokoza m'chilankhulo chawo n'kulakwa? Ndipo ngati mukudziwa zomvetsera zaulere pa intaneti zoyenera oyamba kumene, ndithandizeni.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:
Mwanawe, mwadziyankha kale nokha pomwe mwati munalankhula ola lathunthu. Amene anaphunzira kulankhula dzulo ndinu. Tawerengani: mphindi 90, anthu 18. Ngakhale inu mutatseka pakamwa osanena kanthu, n'kumawafunsa mmodzimmodzi, aliyense angapeze mphindi 5 zokha. Akhazikeni awiriawiri, pamenepo anthu 9 akulankhula nthawi imodzi. Phokosolo ndiye mankhwala a manyazi aja, chifukwa bambo woopa kusekedwa uja akumvedwa ndi munthu mmodzi, osati kalasi yonse. Koma musangoti "kambiranani", adzangoyang'anana. Apatseni chifukwa chofunsirana. Lembani ndandanda ya nthawi zonyamukira mabasi pa mapepala awiri, lina likhale ndi nthawi zimene pa linzake palibe, ndipo asaonetsane. Kuti amalize ntchitoyo ayenera kufunsana basi. Chinanso, mukafunsa funso dikirani. Mary Budd Rowe, pofufuza m'makalasi ku America, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amangodikira pafupifupi sekondi imodzi kenako n'kuyankha okha kapena kuloza wina. Atadikira masekondi atatu, mayankho a ana anatalika. Ine ndinkawerenga chamumtima mpaka 5, ngakhale bata lake limayabwa.

Mwini funso:
Zikomo amayi. Za sekondi imodzizo mwandigwira, ndimayankhadi ndekha kkkk.

Membala wina:
Yesaninso njira ya James Asher yotchedwa Total Physical Response. Anaiyamba m'zaka za m'ma 1960. Inu mumalamula, iwo amachita osalankhula: "stand up", "open your book", "put the pen under the chair". Pakapita nthawi mumasintha, wophunzira ndiye amalamula anzake. Munthu amayamba kulankhula asanazindikire.

Mwini funso:
Achimwene, agogo a zaka 60 ndiwauze kuti imirirani, khalani, gwirani mphuno? Sadzabweranso mawa.

Membala yemwe uja:
Kkkk za mphunozo zisiyeni. Agwiritse ntchito makiyi, foni ndi zolembera zili pa tebulo, ali chikhalire. Koma chosangalatsa kwambiri n'choti iwo azikulamulani inuyo, mudzaona mmene adzalimbikire.

Mphunzitsi wa ku sekondale:
Ine ndikutsutsa pang'ono. Galamala musaisiye ayi, ndipo chilankhulo chawo chiletseni m'kalasi. Mukangotsegula khomo limenelo, azidikira kumasulira kwanu nthawi zonse ndipo Chingerezi sachimveranso.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:
Aphunzitsi, pa galamala tikugwirizana, ingochepa kukhala mphindi 15, zotsalazo agwiritse ntchito zomwe aphunzirazo. Koma zoletseratu chilankhulo chawo ayi. Mawu ngati "although" mungawasonyeze ndi manja? Mutaya mphindi khumi pa chinthu chimene liwu limodzi lachilankhulo chawo likanamaliza. Masulirani msanga, bwererani ku Chingerezi. Amene akuopa kale kutsegula pakamwa, mukamuwonjezera lamulo lina ndiye mwamutseka kotheratu.

Membala wachitatu:
Pa zomvetsera, yambani ndi VOA Learning English ya wailesi ya Voice of America. Inayamba mu 1959 ndi dzina loti Special English, amalankhula pang'onopang'ono ndipo amagwiritsa ntchito mawu pafupifupi 1,500 okha. Nkhani zambiri zili ndi zolemba zake, choncho mukhoza kukopera ndime imodzi pa bolodi. Ena akuuzani za 6 Minute English ya BBC. Ndi yabwino, koma kwa anthu anuwo ikadali yothamanga, isungeni kaye. Pa inu mwini, tsamba la British Council lotchedwa TeachingEnglish lili ndi mapulani a maphunziro aulere, ndipo amalemba mlingo wake, kuyambira A1 (wa oyamba kumene) mpaka C2 (wapamwamba kwambiri). Milingo imeneyi ndi ya Council of Europe. Momwe mwafotokozera, anthu anu pa kulankhula ali pa A1, ngakhale polemba angafike A2, ndiye sankhani za A1 osachita manyazi. Musamawaseweretse nkhani yonse. Dulani kachidutswa ka mphindi imodzi, amve katatu: koyamba angonena kuti nkhaniyo ndi ya chiyani, kachiwiri ayankhe mafunso awiri, kachitatu akuona mawu pa bolodi. Foni ikachepa mawu, iikeni m'kapu yopanda kanthu, amakwerako.

Membala wachinayi:
Palibe amene wanena izi: mumawakonza liti? Ngati munthu wangoti "Yesterday I go" inu n'kumudula pomwepo, sadzayesanso. Msiyeni amalize. Zolakwazo muzilemba pa kapepala mukuzungulira, pomaliza muziike pa bolodi popanda mayina, kalasi yonse ikonze pamodzi. Mwini wake amadzizindikira yekha.

Mwini funso:
Ndabweranso ndi lipoti. Lero ndayesa za mapepala a mabasi zija. Phokoso linalipo moti a m'chipinda choyandikana anasuzumira, ndipo bambo aja anafunsa "What time is the bus?" kanayi konse, ndinawamva ndekha. Vuto ndi loti patangopita mphindi ziwiri magulu ena anabwerera ku chilankhulo chawo, ndipo amayi awiri anangoonetsana mapepala n'kukopera, ati tamaliza. Apa ndipange bwanji?

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:
Akhale chofulatirana, misana kugundana, mapepala sadzaonetsananso. Ndipo musanayambe lembani pa bolodi ziganizo zitatu zimene adzazifune, monga "Sorry, say it again". Nthawi zambiri amathawira ku chilankhulo chawo chifukwa chosowa tiziganizo timeneti. Ntchitoyo ikhale ya mphindi zitatu, kenako asinthe mnzawo. Amayi awiri aja muwalekanitse.