AC yasiya kuziziritsa, ndithandizeni nzeru

Abale anga, ndabwera ndi vuto. Ndimakhala ku Mangochi Boma, ndipo kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa, ngakhale pakati pa usiku khoma limakhala likadali lotentha.

AC (makina oziziritsa m'nyumba) ya kuchipinda kwa amayi anga yasiya kuziziritsa kuyambira Lachiwiri. Ikuyaka ndithu, koma mpweya wake ndi wofunda. Ndatsuka masefa onse awiri, anali fumbi lokhalokha, koma palibe chasintha. Makina a AC-yo okhala panja aja fani yake ikuzungulira, kenako amang'ung'udza pang'ono n'kukhala chete. Zinayamba tsiku lomwe magetsi anathima n'kuyakanso.

Mmisiri wina wati gasi woziziritsa wa mu AC-yo watha, tithire wina. Koma ine ndinamva kuti gasi satha yekha pokhapokha paipi itabooka. Ndiye kuthira tisanatseke pobookapo si kutaya ndalama kodi? Mnzanga akuti mwina yapsa ndi kapasita, kachipangizo kodzutsa kompuresa (injini yopopa gasiyo), ndiye kompuresayo ikulephera kudzuka. Pamakinapo palembedwa R410A, womwe ndi mtundu wa gasi wake.

Amayi ali ndi BP, pano akugona pamkeka pakhonde, udzudzu uli nawo. Zikundipweteka mtima kwambiri. Alipo amene zinawachitikirapo zotere? Nanga kapasitayo imapezeka konkuno, kapena mpaka ku Blantyre?