Mwambi woti "mapiri sakumana" umatanthauzanji kwenikweni?

Mphunzitsi wa Jogalafe:
Akuluakulu ndithandizeni. Mwambi uja woti "mapiri sakumana koma anthu amakumana", eni ake ankafuna kunena chiyani? Ine ndinakula ndikuumva anthu akamatsanzikana, ndiye ndinkautenga ngati mawu otonthozana kuti tidzaonananso. Chandivuta n'chakuti ndikuphunzitsa za mapiri a ku India, ndipo mapu akutsutsana ndi mwambiwu poyera.

Kumwera kwa dzikolo kuli mitandadza iwiri ya mapiri. Wa Western Ghats umatsata gombe la kuzambwe mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600. Wa Eastern Ghats uli cha kuvuma, ndipo ndi woduka-duka chifukwa mitsinje ya Mahanadi, Godavari ndi Krishna inaudula popita kunyanja. Kumpoto mitandadzayi ndi yotalikirana kwambiri, koma potsikira kumwera imanka ikuyandikana mpaka kudzalumikizana pa mapiri a Nilgiri, pomwe pali nsonga ya Doddabetta ya mamita 2,637 pafupi ndi tauni ya Ooty. Pakati pa dzikolo nkhani ndi yomweyo: Vindhya ali kumpoto kwa mtsinje wa Narmada, Satpura kumwera, koma kumtunda ku Amarkantak komwe mtsinjewo umayambira, awiriwa ndi ogwirana. Nanga mwana wochenjera akadzandifunsa ndidzati chiyani?

Mayi wa ku Ntcheu:
Aphunzitsi, kwathu mwambi umenewu sitiunena ndi nkhope yosekerera ayi. Ndi chenjezo. Munthu walemba mnyamata waganyu, wapalira munda wonse, madzulo akubwera kudzatenga yake iwe n'kumamuuza kuti mizere ina sinayere, n'kumudula ndalama. Mnyamata uja satukwana. Amangokoleka khasu paphewa n'kunena kuti "chabwino bwana, mapiri ndiwo sakumana." Pamenepo wakuuza kuti tsiku lina udzamupeza pamalo pomwe iwe udzakhale wopempha. Zotonthozana mukunenazo zilipo, koma ine ndimaziona ngati zobwera pambuyo.

Wa pa Bangwe:
Koma aPhiri amakumana tsiku lililonse mu minibasi, palibe amadabwa.

Wophunzira za miyala:
Ine ndiwonjezere moto pa funso la aphunzitsi, chifukwa za Nilgiri n'zochepa. Dziko la India lenilenilo ndi mlendo ku Asia. Kalekale linali lomatana ndi Madagascar ndi Africa m'chimtunda chimodzi chomwe akatswiri amachitcha Gondwana. Linasiyana ndi Madagascar zaka pafupifupi 88 miliyoni zapitazo, n'kumaseseleka chakumpoto mpaka kukagunda Asia zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo. Mukakankhira mphasa kukhoma imapindika n'kutukumuka pakati. Mapiri a Himalaya anabadwa choncho, mtandadza wa makilomita pafupifupi 2,400. Pakati pa mitunda iwiriyi panali nyanja yotchedwa Tethys, ndipo matope a pansi pake ndi omwe anakwezedwa m'mwamba. N'chifukwa chake pansonga pa Everest, mamita 8,849 kuchokera pomwe palekeza nyanja, pali miyala ya laimu yokhala ndi zotsalira za tizilombo ta m'nyanja.

Kukankhanako sikunathe. India akusunthirabe kumpoto masentimita anayi kapena asanu pachaka, ndipo ndiko kumabweretsa zivomezi ngati chija chinagwedeza Nepal mu 2015. Kangchenjunga, phiri lalitali kuposa onse ku India, la mamita 8,586 m'malire a chigawo cha Sikkim ndi dziko la Nepal, ndi mwana wa kugundana kumeneko. Ndiye mapiri amayenda, amagundana, ndiponso amakalamba. Onani a Aravalli ku Rajasthan, omwe ali m'gulu la mapiri akale kwambiri padziko lapansi: mvula ndi mphepo zawaperesa mpaka nsonga yawo yaitali, Guru Shikhar, yangotsala mamita 1,722, osafika n'komwe pa Sapitwa wathu wa mamita 3,002.

Mayi wa ku Ntcheu:
Mwanawe, masentimita asanu pachaka ndi ulendo umenewo? Munthu wofika zaka 80 adzaona phiri litasuntha mamita anayi, ngati n'kuona komwe. Waganyu uja ukumana naye Loweruka lomweli pamsika.

Mkulu wa ku Phalombe:
Mayi anena zoona, koma ine ndikuona kuti aphunzitsi asokoneza zinthu ziwiri. Kwathu ena amaunena kuti "phiri ndi phiri sakumana", ndipo kanenedwe kameneka ndi komwe kamaulula nkhani. Akunena phiri limodzi lokhala ndi dzina lake, loimirira palokha, osati mndandanda wa mapiri womwe munthu waujambula ndi cholembera pa mapu. Makolo athu ankaona zimene zinawazinga. Mukaima m'chigwa cha kuno kukacha bwino, Mulanje ali uku, Zomba ali uko, akuyang'anana chiyambire. Ngakhale Mchese, amene ali pakhomo penipeni pa Mulanje, pali mpata wa Fort Lister wowalekanitsa.

Za Western Ghats ndi Eastern Ghats kukumana, funso langa ndi ili: anachoka kuti kuti akakumane? Zala za m'dzanja sitinena kuti zakumana pachikhatho. Kukumana kwa mumwambiwu n'kwa anthu amene anasiyana, wina n'kulowera kwake, mosapangana n'kudzapezanso. Phiri lilibe mwendo wochitira zimenezo.

Wophunzira za miyala:
Agogo, apa ndavomera theka. Ndipo India yemweyo ali ndi umboni wa mbali yanu. Western Ghats si wogwirana yense. Kumwera kwa Nilgiri kuli mpata waukulu wa Palakkad, wotambalala makilomita 30 kapena kuyandikira pamenepo. Kutsidya kwake kuli mapiri a Anaimalai, komwe kuli Anamudi, nsonga ya mamita 2,695 yomwe ndi yaitali kuposa zonse kumwera kwa India. Doddabetta ndi Anamudi ndi oyandikana ndithu koma mpatawo unawagawa. Njanji ndi msewu waukulu zochokera ku Coimbatore m'chigawo cha Tamil Nadu kupita ku Kerala zimadutsa pomwepo, ndipo amalonda akhala akudzera njira imeneyo kuyambira kale. Ngakhale mphepo yobweretsa mvula yotchedwa monsoon imalowera pampatapo. Kwina konse mapiriwa amatchinga mitambo yochokera kunyanja ya Arabia kuyambira mu June, mvula n'kukhuthukira ku gombe, kuseri kwake n'kumakhala kouma.

Theka limene ndakana n'lakuti phiri lilibe mwendo. Lili nawo, kungoti ndi waulesi.

Mphunzitsi wa Jogalafe:
Zikomo nonse. Za mpata wa Palakkad ndizigwiritsa ntchito pophunzitsa za mvula. Koma Mayi, pa tanthauzo sindinakhutire. Ndinaumvapo mwambiwu ukunenedwa mwachimwemwe, anthu awiri omwe anagwira ntchito limodzi ku Joni atapezana mwadzidzidzi pa depoti patapita zaka zambiri, akugwirana chanza osafuna kutayana. Pamenepo panalibe woopseza mnzake. Kodi n'kutheka kuti tanthauzo lotonthoza ndi lomwe linayamba, chenjezo n'kubwera pambuyo?

Mayi wa ku Ntcheu:
Awo anasiyana bwino, aphunzitsi, n'chifukwa chake ankaseka. Akanakhala kuti wina anathawa ndi ndalama za mnzake ku Joni komweko, mawu akanakhala omwewo koma chanza sichikanagwiridwa. Za chomwe chinayamba, tidikire a ku Phalombe atiuze mmene kwawo amaunenera pamilandu.